Munsi M'malo mwa Ndodo

Pa ntchito yangayi ndagwirapo akuba mbuzi, akuba mabokosi a mavoti, ngakhale munthu wina amene anasasula denga lonse la tchalitchi abusa ali kumaliro. Koma wakuba ndodo ya Nyumba ya Malamulo n'kusiyapo munsi ndinali ndisanamuonepo, ndipo nkhani yake ndikamaifotokoza, mpaka lero nkhope imandilemera.

Linali Lachiwiri m'mawa. Aphungu a chigawo chathu anali atakhala kale m'mipando, atadzitukumula m'mikanjo yawo ya agbada ngati ankhukundembo. A Sipikala anali chiimire pakhomo kudikira Sajeni Olopade, mkulu wonyamula ndodo, kuti atsogole. Paja ndodoyo ikapanda kugonekedwa patebulo, Nyumba sikhala. Aphungu angalankhule mpaka kukhosi kuuma, zonsezo ndi macheza a pamsika basi. Sajeni anatsegula bokosi lalitali lija, n'kuvundukula nsalu yofiira. M'katimo munali munsi wosinjira zilazi.

Mmene ndinkafika n'kuti Alhaji Ajagbe, mtsogoleri wa aphungu a chipani cholamula, akundidikira pamasitepe, mikanda yopempherera ili m'manja.

"Afolayan, wabwera ndi cholembera ngati ukukalemba mayeso? Wakuba tikumudziwa tonse. Pita ukakamange kamtsikana kaja, ubwere nako kuno."

"Alhaji, ndimati ndiyambe ndafunsa kaye anthu angapo."

"Ufunse chiyani, Insipekita wamkulumkulu iwe? Munsi ndi wa ndani m'tauni muno? Wa agogo ako?"

Kamtsikana ankanenako ndi Olemekezeka Omolabake Adewusi, phungu wa ku Oke-Odo, wa zaka makumi awiri ndi zisanu, woti aphungu anzake ambiri akanatha kukhala agogo ake. Ambirife timangomutchula kuti Labake, chifukwa anakulira kuseri kwa Nyumba yomweyo akutsuka mbale m'chisakasa cha amayi ake, Iya Labake, ndiye kuti make Labake, amene amaphikira aphungu ndi ife apolisi tomwe. Pa kampeni, anthu a Alhaji ankamunyoza kuti "mwana wa munsi". Anyamata a okada, njinga zamoto zonyamula anthu, anangolitola dzinalo, n'kuyamba kuzungulira tauni yonse minsi ili m'mwamba, ndipo munthu amene Alhaji anamuimika anagwa chagada. Nanenso ndisabise, voti yanga inapita ku munsi.

Nkhani inavuta sabata yapitayo. Alhaji anaimirira m'Nyumba n'kunena kuti chipatala cha ku Oke-Odo chinatha kumangidwa ndipo amayi akuchirirako bwinobwino. Labake anadzambatuka. "Mukunama, Alhaji! M'menemo mukugona mbuzi!" Zoti mukugona mbuzi aliyense ankadziwa. Koma kwathu kuno mwana sauza munthu wa imvi kuti akunama. Amati mwina Baba aiwala pang'ono. Aphungu anamanga mfundo yoti Lachiwiri limeneli Labake agwade pamaso pa Alhaji m'Nyumbamo ndi kubweza mawu ake, apo ayi amuimitsa mpaka chisankho china. Iye anakanena pawailesi kuti mawondo ake amagwadira Mulungu ndi amayi ake basi. Ndiye ndodo kusowa m'mawa womwewo, ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka akanaloza komwe Alhaji ankaloza.

*

Sajeni Olopade ndinawapeza m'kachipinda kawo, magolovesi oyera ali pabondo, akuyang'ana bokosi lija ngati muli maliro.

"Mwana wanga, ndodo imeneyo ndainyamulira a Sipikala ambirimbiri, ena anagona kale. Tsiku lija aphungu anagendana ndi mipando, ine ndinaigonera pamwamba. Nthiti zanga zinathyoka, koma ndodo sinakandike. Lero ndavundukula munsi pamaso pa a Sipikala. Ine. Munsi."

"Pepani, Baba. Munaiona liti komaliza?"

"Dzulo masana. Lolemba lililonse ndimaipukuta. Ndinaipukuta, ndinaikulunga, ndinaigoneka m'bokosi."

"N'kukiya?"

Anakhosomola kaye, ngakhale chifuwa analibe.

"Chakudya chinafika. Munthu sugwira kiyi wa boma ndi manja a msuzi wa egusi. Nditangosamba m'manja, kumzikiti kunaitana. Ndinati ndikapemphere kaye, Mulungu sadikira bokosi. Pobwera ndinalinyamula, kulemera kwake komwe kuja, ndiye ndinakiya."

"Osasuzumiramo?"

"Ndikanasuzumiranji? Muno simulowa munthu."

Ndinatenga munsi uja n'kuutembenuza m'manja. Minsi ya anyamata a okada ndinkaidziwa, ndinawalandapo ingapo pa kampeni. Imeneyo inali yoyera, yokhakhala, yogula dzulodzulo pamsika, yoti sinalaweko mtondo. Uwu unali wakuda, pakati pake posalala chifukwa cha manja, ndipo kumutu kwake kunali mng'alu womangidwa ndi waya. Nditaununkhiza ndinamva chilazi. Sunali munsi wa ndale ayi, unali munsi wogwira ntchito. Mtima unayamba kundinong'oneza zinthu zimene sindinkafuna kumva, choncho ndinaukhalitsa chete n'kupita kugeti.

*

Pageti panali Konsitebo Terna, mnyamata wa ku Benue amene funso lililonse amaliyankha ngati ali pa perete, n'kumanditchula kuti Oga, ndiye kuti bwana.

"Chichitikireni ndewu ija, Oga, aliyense wotuluka timamusecha! Zikwama, magalimoto, mapoto a Iya Labake omwe timavundukula, Oga!"

"Tsitsa mawu, sindine gonthi. Wati aliyense?"

"Aliyense, Oga! Kupatula Olemekezeka. Olemekezeka sasechedwa. Amapatsidwa saluti."

"Dzulo alipo phungu amene anatuluka ndi chinthu chachitali?"

Terna anayang'ana kumwamba, kenako pansi, kenako nsapato zanga.

"Oga, ine ndili ndi ana aang'ono."

"Ndakufunsa za ana?"

"Olemekezeka Adewusi, Oga," anatero, ndipo perete uja anali atatha, mawu akutuluka ngati a munthu wodwala. "Mtolo wautali, wokulunga m'nsalu ya buluu. Anausenza paphewa mpaka pa takisi panjapo."

"Anali okha?"

"Iya ankabwera pambuyo pawo. Amenewo ndinawasecha, Oga, monga mwa lamulo. Anali chimanjamanja."

*

Labake ndinamupeza muofesi mwake atavula nsapato, akudya mtedza wokazinga, foni ikulira mosalekeza. Atandiona anaseka, n'kutambasula manja.

"Ankolo Afolayan! Akutumani ndi unyolo? Mukanasankha waung'ono, timanja tangati ndi towonda, ndipulumuka."

"Olemekezeka, sindinabwerere zoseka."

"Nanenso sindikuseka. Ndodo yawoyo ndiitani ine? Ndimafuna Nyumba ikhale lero, ndimafuna kwambiri. Ndabwera ndi zithunzi za mbuzi zija, ina yaswera m'chipinda cha azamba momwe. Ndimati andiimitse, koma ayambe azionera. Amene waba ndodoyo wandibera ine tsiku langa."

Ndinamukhulupirira, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera mantha.

"Dzulo munatuluka ndi mtolo pageti."

"Ee, wa amayi. Minsi yawo, amati akupita nayo kwa mmisiri kuti akaipale. Ndinawaona pazenera apa atausenza pamutu, ndiye ndinathamanga kukawalandira. Nanga poti ndine phungu amayi azisenza katundu ine ndikuonerera? Alhaji amati ndilibe mwambo, koma kuyambira ndili kamwana, amayi sanadutsepo pageti paja ndi katundu ine ndili pafupi. Iwonso amadziwa kuti akangodutsa pansi pa zenera ili, ine..."

Ndaonapo anthu akuuzidwa za maliro, koma sindinaonepo munthu akudziuza yekha uthenga woipa monga anachitira mwana uja. Anakhala pansi pang'onopang'ono, mtedza uli m'manja. Foni inalira mpaka kutopa yokha.

"Ndine ndinaba, Ankolo," anatero kenako. "Lembani. Ndinaba ndine, ndekha."

"Munaitenga pati?"

"M'kabati ya a Sipikala. Ndinathyola loko."

"Palibe loko wothyoka, ndipo ndodo sinali kwa a Sipikala. Labake, iwe kunama sutha. N'chifukwa chake suyanjana ndi anthu a m'Nyumba muno."

Anandigwira mkono ndi manja onse awiri, monga ankachitira ali wamng'ono akafuna kuti ndimuwolotse msewu.

"Ankolo, chonde. Amayi ali ndi shuga. Kundende sakathako mwezi."

*

Kuchisakasa kuja ndinapita ndikukoka miyendo, munsi uli m'khwapa. Atsikana awiri ankasinja, koma mtondo wachitatu unali wovundikira ndi beseni. Iya Labake anali pakampando kawo akusenda zilazi. Anayang'ana munsi, anandiyang'ana ine, mpeni osaima.

"Mwabwera nawo? Uikeni apo, mtondo uwo wangokhala kuyambira m'mawa. Khalani pansi, Insipekita. Mudye kaye, munthu samanga mnzake ali ndi njala."

Pamalo amenewo ndadyapo kuyambira ndili konsitebo, ndipo masiku amene ndinkaoneka wofooka, mayi ameneyu ankangondiwonjezera nthuli ya nyama osanena kanthu. Ndinakhala pansi, koma mbale sindinaikhudze.

"Iya, ndodo ili kuti?"

"Kunyumba, kunsi kwa bedi. Musadandaule, sinade, ndaikulunga m'nsalu yanga ya kutchalitchi. Ndinapita kukatenga mbale kwa Baba Olopade, ndinapeza eni ake kulibe, bokosi losakiya. Ndinabwerera kudzatenga munsi. Ndani amayang'ana mayi wonyamula munsi ndi mbale zakuda?"

"Mukudziwa kukula kwa chimene mwachitachi?"

Anaika mpeni pansi, n'kukweza nsalu mpaka m'mawondo. Mawondowo anali akuda bii, okhakhala ngati khungwa.

"Mukuwaona awa? Alhaji Ajagbe ndawagwadira ndi mbale m'manja kuyambira Labake ali kumsana. Ndawagwadira akundiitana kuti iwe, ndawagwadira akundibwezera msuzi ati wachepa tsabola. Ndinkati zilibe kanthu, ndigwade ine kuti mwana wangayu adzaime. Ndiye waima, tauni yonse yamuona ataima, lero ati abwere adzagwade pomwe ndimagwada ine? Ndinati ndodo ikasowa Nyumba sikhala. Ipita sabata, ipita inzake, mitima izizira, ine ndikaibweza mwakachetechete."

"Ndiye munamusenzetsa mwana wanu yemweyo."

Apa m'pamene mayi uja anagwetsa nkhope.

"Pageti amasecha mapoto," anatero motsitsa. "Ndinadziwa kuti akandiona andilandira. Paja ndinamulera ndine."

Labake anali ataima kumbuyo kwanga, sindinamumve akubwera. Mayi ndi mwana sanayang'anane. Atsikana aja anasiya kusinja.

*

Ndodo tinakaitenga awiri, ine ndi Labake. Anagwada yekha n'kuisolola kunsi kwa bedi, ndipo atavundukula nsalu inawala m'kachipinda kaja mpaka ndinachita nayo mantha. Lamulo ndinkalidziwa. Ndikalemba dzina la mayi, ndende. Ndikalemba la mwana, ndende ndi mpando womwe, ndipo Terna anali mboni yokwanira. Khoswe anali atakhala pamkhate.

"Ankolo, mukapita nayo kupolisi, nkhani ithera pa amayi, eti?"

"Ithera pa iwo, koma iyambira pa iwe. Oweruza akafunsa kuti anaitulutsa pageti ndani."

"Nanga mukapita nayo kwa Alhaji?"

"Alhaji sapereka chinthu chaulere. Ukuwadziwa."

Anayamba kupinda nsalu ya amayi ake, kuipinda bwinobwino ngati ndiyo ntchito imene tinabwerera.

"Pitani nayo kwa Alhaji," anatero osandiyang'ana.

Anandituma ndi iye, koma miyendo inali yanga. Ine, Insipekita wa polisi, imvi zitayamba kale, ndinagona chafufumimba pakhonde la Alhaji Ajagbe, yunifolomu ndi nyenyezi zomwe, ndodo ya boma ili pambali panga. Iwo anamvetsera nkhani yonse akutafuna mtedza wa kola. Nditafika pa za geti anaseka mpaka misozi.

"Iya Labake! Ndiye chilazi chake ndachidya zaka zonsezi osadziwa kuti ndikudya kwa chigawenga. Dzuka, Afolayan, ukudetsa malaya a boma. Ine ndine kholo, sindimangitsa amayi okalamba. Ndodo sinabedwe. Anyamata osesa anaisokoneza m'chipinda chosungira katundu, ndipo yapezeka. Za munsizo anthu aseka sabata imodzi, aiwala. Wamva?"

"Ndamva, Alhaji. Mulungu akuwonjezereni masiku."

"Koma mwanayo mawa agwada. Ndipo zoti pepani ngati ndinalakwitsa ayi, umenewo unali mtengo wa dzulo. Anene ndi pakamwa pake kuti ananama ndi iye, chipatala chilipo, amayi akuchirirako. Atolankhani ajambule. Akangosiya liwu limodzi, Terna ali ndi pakamwa, iwenso uli ndi cholembera."

Ndinawathokozanso kachiwiri. Zimenezi ndiye zimandinyansa kuposa zonse, chifukwa palibe anandiuza kuti ndithokoze kawiri.

*

Lachitatu Sajeni Olopade analowa ndi ndodo paphewa, n'kuigoneka patebulo. Mipando ya oonerera inali itadzaza ndi anthu a ku Oke-Odo. Ena analawirira m'bandakucha pa malole, atamva pawailesi kuti mwana wawo sagwada, ndipo ankafuna kudzaona ndi maso awo mmene munthu amakanira.

Labake anaimirira a Sipikala atamuitana. Anayenda pakati pa mipando mpaka pomwe panali Alhaji, n'kugwada ndi mawondo onse awiri. Mawu ake anamveka mpaka kukhomo komwe ndinaima ine.

"Baba, ndinanama ndine. Chipatala cha ku Oke-Odo chilipo, ndipo amayi akuchirirako. Ndikhululukireni, ndi chibwana."

Sanasiye liwu ngakhale limodzi. Alhaji anamusisita pamutu.

"Dzuka, mwana wanga. Tonsefe tinali ana."

Aphungu anamenya matebulo mokondwa. Koma kwa oonerera sikunamveke mluzu kapena mfuu. Anthu anangoyamba kunyamuka mmodzimmodzi, kutsika masitepe mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Kukanakhala bwino akanatukwana. Ine ndinawatsegulira chitseko kuti adutse, maso ali pansi, manyazi atandigwira mpaka m'mafupa.

Nyumba itabalalika ndinawaperekeza mayi ndi mwana mpaka kugeti, poopa miyala. Miyala kunalibe. Panja panangotsala munthu mmodzi atatsamira njinga yake: Wasiu, mkulu wa anyamata a okada, bambo amene mkazi wake anachirira m'mbali mwa msewu chaka chatha akuthamangira naye kuchipatala cha kutali. Anavula chipewa, n'kulankhula mofatsa zedi.

"Anti Labake, ife sitinakwiye ayi. Aliyense amagulidwa, timadziwa. Kungoti anthu kumudzi akandifunsa, ndiye ndimati ndikawauze zoona. Akugulani zingati?"

Iya Labake anatsegula pakamwa.

"Wasiu mwana wanga, wolakwa si iyeyu, ndi..."

Labake anawafinya dzanja mpaka mawuwo anabwerera m'mimba. Wasiu anatembenukira kwa ine, poti amati wapolisi amadziwa zonse. Ndinkadziwadi zonse, ndipo ndinayang'ana kumbali.

"Zambiri, Wasiu," anatero Labake, akumuyang'ana m'maso osaphethira. "Kawauze kuti zinali zambiri."